Funsani Amisiri: Volovolo Yakale Yadzimbiri, Kagulidwe ndi Kakonzedwe Kake

Makalata a mwezi uno ambiri achokera ku Zomba, ndipo n'zosadabwitsa. Mvula ikangoyamba kugwa m'munsi mwa phiri lija, chilichonse chachitsulo chimene chagona m'kabati chimayamba kufiira. Tasankha makalata okhudza volovolo, mfuti ya m'manja ija yokhala ndi silinda yozungulira ya mabowo olowetsamo zipolopolo. Zonse zimene talangiza pano muzichite mfuti ilibe chipolopolo. Tsegulani silinda, suzumirani bowo lililonse ndi maso anu, ndipo zipolopolo zikakhale m'chipinda china.

FUNSO: Akonzi, bambo wina wachikulire amene ali ndi laisensi akufuna kundigulitsa Smith & Wesson Model 10 yodya zipolopolo za .38 Special pamtengo wabwino. Kuda kwake kunafufuka kukamwa kwa mpope ndi m'mphepete mwa silinda, mbali yakumanzere kuli timadontho tadzimbiri, ndipo matabwa a chogwirira ali ndi zipsera. Anzanga akuti imeneyi yatha ntchito. Ndigule kapena ndiisiye? — Bambo a ku Matawale

YANKHO: Bambo, pa zonse mwatchulazi palibe chimene chikusonyeza kuti mfutiyo yatha. Mwatchula za pakhungu zokhazokha. Kufufuka kwa kukamwa ndi m'mphepete mwa silinda kumabwera chifukwa cholowetsa ndi kutulutsa m'chikwama chachikopa. Kamzere kozungulira silinda pakati pa timipata tokhomera nakonso kamapezeka pa volovolo iliyonse imene yagwirapo ntchito. Zili ngati njinga ya kabaza: penti wosupuka saletsa ulendo, koma feremu yopindika ndiyo imagwetsa munthu. Choncho maso anu achoke pa dzimbiri, apite pa mapepala ndi pa kayendedwe ka zitsulo.

Yambani ndi mapepala. Nkhani za mfuti kwathu kuno zimayendetsedwa ndi Firearms Act, mutu 14:08 wa malamulo a Malawi, ndipo laisensi ya bamboyo ndi yawo, siisamukira kwa inu chifukwa mwapereka ndalama. Pitani ku polisi ya Zomba mukafunse za chilolezo chogulira mfuti, ndipo dikirani mpaka chituluke. Musalandire mfutiyo m'manja, ngakhale kungoti mukaione bwino kunyumba, mapepala anu asanathe. Kenaka yerekezani nambala ya pa laisensi ndi ya pa mfuti. Pa Smith & Wesson nambala yeniyeni imadindidwa pansi pa chogwirira, kuchitsulo kwenikweniko. Mukatsegula silinda muonanso manambala ena pa feremu pamene pamagona mkono wa silinda, chitsulo chimene chimanyamula silinda ikamatseguka. Pa mfuti zambiri zakale amenewo ndi manambala a kufakitale olumikizira ziwalo, ndipo anthu amasokonezeka nawo. Nambala ya pansi ikasiyana ndi ya pa laisensi, kapena ikaoneka kuti inapalidwa n'kudindidwanso, nkhani yathera pomwepo.

Mapepala akakhala bwino, pemphani mwini wake akulolezeni kuiyesa iye ali pomwepo. Tengani tochi yaing'ono, kansalu koyera ndi feeler gauge, timapepala tachitsulo tija amakaniko amayezera mapulagi ndi mavavu.

Choyamba ndi nthawi yokhomera silinda. Kokani hamala, kachitsulo ka kumbuyo komenya chipolopolo, pang'onopang'ono ndi chala chachikulu, khutu lili tcheru. Kachitsulo kokhoma silinda kayenera kulira kuti "kete", kulowa m'kampata kake, hamala isanafike kumapeto. Chitani zimenezi pa mabowo onse 6, osati limodzi, chifukwa mano a kumbuyo kwa silinda sadyeka mofanana. Hamala ikafika kumapeto silinda isanakhome, ndiye kuti bowo silikulunjika bwino ndi mpope. Mfuti yotere imameta chipolopolo n'kulavula tizidutswa tamtovu m'mbali, ndipo amene waima pafupi akhoza kulasidwa m'maso. Vutoli limakonzeka, koma ndi mmisiri wa mfuti wokhala ndi ziwalo zoyenera, ndipo ziwalozo kuno n'zovuta kupeza. Mtengo utsike kwambiri, apo ayi isiyeni.

Hamala ili chikokere, ikankheni kutsogolo ndi chala chachikulu mwamphamvu pang'ono, osakhudza tiriga. Isagwe. Ikagwa, wina anapala mano ake pofuna kuti tiriga ipepuke, ndipo mfuti imeneyo ikhoza kulira yokha ikangogundidwa.

Kenaka yezani mpata wa pakati pa nkhope ya silinda ndi tsinde la mpope. Kankhirani silinda kumbuyo, lowetsani geji. Mpata wabwino ndi wa pakati pa mamilimita 0.10 ndi 0.20. Ukapitirira 0.25, mpweya wa onga umathawira m'mbali wambiri. Ndiye kankhirani silinda kutsogolo muyezenso. Kusiyana kwa miyezo iwiriyi ndiko kusewera kwa silinda, ndipo kusapitirire 0.05. Kukafika 0.10 kapena kuposerapo, mfutiyo yamenyedwa kwambiri, mwina ndi zipolopolo zamphamvu kuposa zimene inapangidwira.

Tsekani silinda muyang'ane mfuti cha kutsogolo, pamene mkono wa silinda umakumana ndi feremu. Mzere wake ukhale wothina. Ukayasama, mkonowo unapindika, kawirikawiri chifukwa cha khalidwe loipa lotseka silinda moigwedeza ndi dzanja limodzi. Tsegulaninso, zunguzani silinda, muone kandodo kotulutsira makoko a zipolopolo ngati kakuvina.

Pomaliza, mpope. Ikani kansalu koyera kumbuyo kwake, walitsanipo tochi, suzumirani. Mizere yozungulira ya m'kati ioneke yakuthwa. Mukaona mphete yakuda yozungulira m'katimo, kapena chala chikamva kutupa kunja kwa mpope, chipolopolo china chinatsakamira ndipo chinzake chinawomberedwa pambuyo pake. Yang'ananinso tsinde la mpope, pamene chipolopolo chimalowera, makamaka m'munsi mwake, ngati pali mng'alu. Kutupa kapena mng'alu, musagule. Timaenje tating'ono tadzimbiri m'kati mwa mpope sitilepheretsa mfuti kulondola. Oopsa ndi maenje akuya m'mabowo a silinda, chifukwa khoma lake ndi lopyapyala, makamaka pa timipata tokhomera tija.

Pemphaninso kuti matabwa a chogwirira achotsedwe. Ndi sikuluwu imodzi yokha. Thukuta limabisala pamenepo, ndipo dzimbiri la pansi pa matabwa limakhala loposa la poonekera.

Kunena zoona, ife timaopa kwambiri volovolo yakale yonyezimira kuposa yofufuka. Yofufuka siibisa kanthu. Yonyezimira mwina inapalidwa ndi makina n'kudetsedwanso. Muidziwa ndi zilembo zozimiririka, ngodya zoviringika, mabowo a masikuluwu olowa m'kati ngati kambale, ndi hamala ndi tiriga zakuda bii, pamene za Smith & Wesson zakale zimachoka kufakitale zili ndi mawanga otuwa ndi obiriwira. Mfuti imene inapsa ndi moto wa nyumba imabwera m'maonekedwe omwewa: matabwa atsopano, masipuling'i ofooka, khungu lodetsedwa kumene. Chitsulo chake chinafewa, ndipo palibe mmisiri angachibwezere.

Yanuyo ikapambana mayeso onsewa, gulani. Model 10 ndi mfuti imene mtundu wake unayamba kupangidwa mu 1899, ndipo kulimba kwake n'kodziwika.

FUNSO: Ndili ndi volovolo ya laisensi imene yachita dzimbiri pa silinda ndi pa mpope nditaisiya m'chikwama chake nyengo yonse ya dzinja. Mnzanga wa ku galaja akuti ndiiviike mu viniga kapena mu Coca-Cola usiku wonse, kenaka ndikwecheko ndi sandipepa. Kodi zili bwino? — Wowerenga wa ku Chinamwali

YANKHO: Achimwene, musayerekeze. Malangizo amenewo ndi abwino pa bawuti ya galimoto, osati pa mfuti. Kuda kwa mfuti, kumene amisiri amati bluing, si penti. Ndi dzimbiri lakuda lopyapyala kwambiri limene amalikulitsa dala pa chitsulo kufakitale. Asidi wa mu viniga kapena mu chakumwacho sasiyanitsa dzimbiri lofiira ndi lakuda, amadya onse awiri. M'mawa mudzavuula chitsulo chotuwa mbuu, chamaliseche, chimene chidzayambenso kufiira dzuwa lisanalowe. Sandipepa ndiye amachotsa chitsulo chenicheni, ndipo chitsulo chikachoka sichibwerera. Sitiliwulu wotsukira mapoto wa mumsika nayenso ndi wokhakhala kwambiri, pamodzi ndi ufa wotsukira ziwiya.

Yambani mwaona mtundu wa dzimbiri. Yendetsani chikhadabo pa dontho. Likakhala lotukuka ngati nkhanambo, chitsulo cha pansi chili chosalala, limenelo ndi la pamwamba ndipo lichoka. Chikhadabo chikagwera m'kadzenje, dzimbiri linadya kale, ndipo kadzenjeko katsala mpaka kalekale. Ntchito yanu pamenepo ndi kupha dzimbiri lili m'katimo, osati kufafaniza dzenje.

Pa dzimbiri la pamwamba mufunika mafuta a mfuti kapena a makina osokera, sitiliwulu wosalala kwambiri wolembedwa 0000, kansalu koyera ka thonje ndi kachidutswa ka kopa kapena ka brass. Sitiliwulu ameneyu mumfunse m'mashopu ogulitsa zipangizo za akalipentala ndi vanishi. Chotsani matabwa a chogwirira. Nyowetsani madontho ndi mafuta, muisiye maola 24. Mafuta amalowa pansi pa nkhanambo n'kuifewetsa, ndipo ambiri amalakwitsa podumpha kudikira kumeneku. Mawa lake palani nkhanambo zokhuthala ndi kopa. Kopa ndi wofewa kuposa chitsulo cha mfuti, amangosiya kamzere kachikasu kamene kamachoka ndi mafuta. Kenaka tengani kachidutswa ka sitiliwulu, kanyowetseni ndi mafuta, sisitani mopepuka motsatira utali wa mpope. Mukasisita kangapo, pukutani ndi nsalu. Muona matope ofiirira pa nsaluyo. Matope amenewo ndi okhakhala, ndipo mukapitiriza kusisita ali pomwepo ndi amene amakanda kuda kwabwino kozungulira dontho. Sinthani sitiliwulu akangoda. Nsalu ikayamba kutuluka yoyera, lekani.

Dzimbiri likafalikira mfuti yonse, njira yabwino ndi kuwiritsa. Anthu amadabwa kumva kuti chitsulo chadzimbiri chilowe m'madzi, koma madzi owira amasandutsa dzimbiri lofiira kukhala lakuda, mtundu womwe uja wa kufakitale, ndipo kuda kotsala sikuonongeka. Apa mfuti iyenera kumasulidwa yonse, ndipo ngati simunatsegulepo m'mimba mwa volovolo, lolani mmisiri wovomerezeka aimasule. Apolisi angakulozereni amene ali ndi chilolezo chogwira ntchitoyi. Chitseko cha m'mbali mwa Smith & Wesson sachikanula ndi sikuludiraiva. Amachotsa masikuluwu n'kugogoda feremu ndi chogwirira cha pulasitiki mpaka chitadzuka chokha. Sikuluwu ya kutsogolo kwenikweni ndi imene imagwira mkono wa silinda, ndipo iyenera kubwerera m'bowo lake lomwelo. Kandodo kotulutsira makoko musakamasule. Ulusi wake unasinthidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, pa mfuti zina umamasukira kumanja, pa zina kumanzere, ndipo ambiri amakapotokola pokakamiza mbali yolakwika.

Ziwalo zikamasulidwa, tsukani mafuta onse ndi acetone, mankhwala osungunula mafuta. Mankhwala ochotsera penti wa zikhadabo sayenera chifukwa amasakanizamo mafuta. Kuyambira apa gwirani ziwalo mutavala magolovesi. Thirani m'poto woyera madzi osungunula a batire amene amagulitsa pa filing'i siteshoni, madzi okhaokha osati asidi, kapena madzi amvula amene mwatchera m'beseni la pulasitiki pabwalo, osati otsika padenga lamalata. Madzi a pampopi kapena a pachitsime ali ndi mchere umene umasiya mawanga. Mangani ziwalo ndi waya zilendewere m'madzi, zisagone pansi pa poto. Ziwire kwa mphindi 30 mpaka 45. Mukavuula ziuma zokha ndi kutentha, ndipo muona zakutidwa ndi mwaye wakuda wofewa. Sisitani mwayewo ndi sitiliwulu wa 0000 wouma, amene mwayamba mwamutsuka mu acetone chifukwa amabwera ndi mafuta a kufakitale. Pakaonekabe kufiira m'timaenje, wiritsaninso, kawiri kapena katatu. Kenaka viikani ziwalo mu parafini usiku wonse kuti atulutse madzi obisala mu ulusi wa mpope ndi m'timabowo, pukutani, pakani mafuta.

Njirayi ndi ya mfuti yachitsulo chakuda yokha. Yokutidwa ndi nickel, kapena ya feremu ya aluminiyamu, isawiritsidwe. Maginito akuuzani: sagwira pa aluminiyamu. Pa nickel pewaninso mankhwala otsukira mpope okhala ndi ammonia, chifukwa amalowa pamene pasupuka n'kudya kopa amene mfuti zambiri zili naye pansi pa nickel, khungu lonse n'kuyamba kufunduka.

FUNSO: Dzimbiri ladya pansi pa chogwirira pomwe pali nambala, ndipo pakuoneka ponyansa. Ndingasalaze ndi fayilo pang'ono chabe? — Bambo a ku Sadzi

YANKHO: Ayi, Bambo, ngakhale pang'ono. Nambala imeneyo ndiyo imalumikiza mfuti ndi laisensi yanu, ndipo wapolisi akaona zipsera za fayilo pamenepo sangadziwe kuti cholinga chanu chinali kukongoletsa. Mfuti ikhoza kulandidwa, inu n'kuyankha mlandu. Pa malo amenewo gwiritsani mafuta ndi mswachi wakale basi, kapena kuwiritsa monga tafotokozera pamwambapa, chifukwa sikuchotsa chitsulo. Jambulani nambalayo bwinobwino musanayambe, chithunzicho musunge ndi mapepala. Ngati dzimbiri lameza kale chilembo china mwakuti sichikuwerengeka, kanenani ku polisi lero lomwe, mutatenga laisensi, iwo akuuzeni chochita.

FUNSO: Bambo anga anamwalira chaka chatha. Posanthula m'sutikesi yawo yachitsulo tapeza volovolo ya mtundu wothyoka pakati, wotseguka popinda mpope pa hinjesi, yolembedwa Webley, yokulungidwa m'nsalu pamodzi ndi zipolopolo zakale zobiriwira. Abale akufuna ikapakidwe bwino kuti tiisunge ngati chikumbutso. Tiyambire pati? — Mayi a ku Domasi

YANKHO: Pepani ndi maliro, Mayi. Poyambira si kwa mmisiri, ndi ku polisi. Ngakhale malemuwo anali ndi laisensi, inali ya iwo okha, ndipo pakali pano palibe m'banjamo amene ali ndi chilolezo chosunga mfutiyo. Musainyamule m'chikwama n'kukwera nayo minibasi. Pitani chimanjamanja ku polisi ya pafupi, mutatenga mapepala alionse a mfuti amene mwapeza ndi kalata ya imfa, mufotokoze, ndipo iwo akuuzani mmene ikafikire m'manja mwawo. Pemphani chikalata chosonyeza kuti mwapereka, cholembapo mtundu ndi nambala. Amene banja lamusankha akhoza kufunsira chilolezo m'dzina lake. Pamene mukudikira, ana asadziwe pomwe ili, ndipo wina asayese kukoka tiriga, chifukwa mfuti zopezeka m'masutikesi nthawi zambiri zimakhala ndi chipolopolo m'kati.

Zipolopolo zobiriwirazo zipite limodzi ku polisi. Musazitaye pamoto kapena m'chimbudzi, ndipo wina asaziwombere. Chipolopolo chakale chimatha kulira mofooka n'kutsakamira mumpope. China, zipolopolo zambiri zankhondo zakale zinali ndi mankhwala oyatsira amene amasiya mchere wokoka chinyezi mumpope.

Mfuti ikadzabwerera mwalamulo, uphungu wathu ndi woti musaipakenso. Webley ndi mfuti za ku Birmingham ku England zimene asilikali ndi apolisi a m'maiko olamulidwa ndi Britain ankanyamula, ndipo ku Zomba, kwawo kwa King's African Rifles, gulu la asilikali la nthawi ya atsamunda, kupezeka kwake n'kosadabwitsa. Pa feremu ndi pa silinda pamakhala tizizindikiro tating'ono tachisoti chaufumu, timivi ndi zilembo, zimene zimanena kumene inayesedwa ndi amene inawatumikira. Makina opalira amafafaniza zonsezi m'mphindi zochepa. Zambiri za nthawi ya nkhondo yachiwiri sizinali zonyezimira n'komwe, zina zinadindidwa mawu oti War Finish chifukwa zinatuluka mofulumira zosasalazidwa. Kufufuka kwa pa chogwirira kunachitika ndi dzanja la bambo anu. Iphani dzimbiri, pakani mafuta kapena phula, zithere pomwepo.

Ngati wina adzafune kuiwombera, mmisiri ayambe waona loko ya pamwamba ndi hinjesi yake, chifukwa mfuti yothyoka pakati imakhwepa pamenepo. Zipolopolo zake n'zosokoneza. Webley Mk VI, imene asilikali a Britain anayamba kugwiritsa ntchito mu 1915, imadya .455. Webley Mk IV yaing'ono ndi Enfield No. 2 zimadya .38 S&W, imene asilikali ankaitcha .38/200. Imeneyi ndi yosiyana ndi .38 Special: khoko lake ndi lalifupi ndi lonenepa pang'ono, ndipo ziwirizi sizilowana. Ma Webley ena a .455 anametedwa kumbuyo kwa silinda kuti azidya .45 ACP, chipolopolo champhamvu kuposa chimene mfutiyo inapangidwira. Yotereyi ingosungidwa, isawomberedwe ndi zipolopolo za m'shopu.

FUNSO: Mbale wanga anandibweretsera botolo la Birchwood Casey Perma Blue kuchokera ku Johannesburg. Ndapaka pa mpope pomwe panafufuka, koma patuluka mawanga, pena pakuda pena potuwa, ndipo patapita masiku awiri pafiira. Ndalakwitsa pati? — Wowerenga wa ku Mpondabwino

YANKHO: Mawanga amabwera ndi mafuta, kufiira kumabwera ndi asidi wotsalira. Mankhwala amenewa amagwira pa chitsulo chopanda mafuta m'pang'ono pomwe. Chidindo cha chala chimodzi chimakwanira kuwaletsa, ndipo chitsulo chakale chimatulutsa mafuta obisala m'timaenje chikangotenthedwa. Tsukani ndi acetone pa nsalu yoyera, sinthani nsalu, tsukaninso, mpaka katatu. Funditsani chitsulo padzuwa kapena ndi chowumitsira tsitsi kuti chingofunda m'manja. Chikachita thukuta lamafuta, tsukaninso.

Thirani mankhwala pang'ono m'kachivindikiro kena. Musaviike thonje m'botolo, chifukwa thonje limene lakhudza chitsulo limaononga botolo lonse. Pakani mokoka kamodzi mbali imodzi, osabwerera m'mbuyo. Pakatha masekondi 30 mpaka 60, tsukani ndi madzi ozizira ambiri. Apa ndi pamene munaphonya. Mankhwalawa ali ndi asidi, ndipo akaumira pa chitsulo amapitiriza kudya, n'chifukwa chake pafiira. Umitsani, sisitani mopepuka ndi sitiliwulu wa 0000 wopanda mafuta, tsukaninso ndi acetone, bwerezani. Kuda kumakwera pang'onopang'ono, kawirikawiri pa ulendo wachitatu mpaka wachisanu. Pomaliza thirani mafuta ambiri, muisiye maola 24 osaigwira. Zimene munapaka kale ziyambe zachoka ndi sitiliwulu ndi mafuta.

Musayembekezere zambiri kwa botololi. Ndi lobisira kachipsera kapena mutu wa sikuluwu. Pa mfuti yonse limatuluka lotuwira, silifanana ndi kuda kwa kufakitale, limafufuka msanga ndipo siliteteza kwenikweni ku dzimbiri. Pa chitsulo chosachita dzimbiri ndi pa aluminiyamu siligwira n'komwe. Kudetsa kwenikweni amachita m'thanki ya mchere wa soda wowira pa madigiri pafupifupi 140, ndipo dontho lake limaboola khungu ndi kuchititsa khungu m'maso. Imeneyo si ntchito ya pambaula kuseri kwa nyumba. Botolo lanulo nalonso ndi poizoni chifukwa muli selenium. Valani magolovesi, gwirirani ntchito pamphepo, ndipo likhomereni kutali ndi ana.

FUNSO: Matabwa a chogwirira ada ndi mafuta, ali ndi zibonyo ndi kamng'alu kumtunda. Komanso ndingatani kuti dzimbiri lisabwerere? Kwathu kuno chifunga sichichoka. — Bambo a ku Mulunguzi

YANKHO: Matabwa a Smith & Wesson zakale ndi a mtengo wa walnut ndipo ankasemedwa molingana ndi mfuti yake, mwakuti kuseri kwa thabwa lakumanja nthawi zambiri kumalembedwa nambala ya mfutiyo. Musawataye. Tsukani ndi mswachi wofewa ndi sipiriti kapena acetone, muwasiye aume, mubwereze mpaka mafuta atasiya kutuluka. Chibonyo chimene ulusi wa mtengo unangophwanyika osaduka chimadzuka ndi nthunzi: ikani kansalu konyowa pamwamba, dindani ndi nsonga ya simbi yotentha kwa masekondi 10, bwerezani kangapo. Pamene mtengo unabenthuka nthunzi siithandiza. Mng'alu uyambe watsukidwa ndi acetone, chifukwa guluu sagwira pa mtengo wamafuta. Kanulani pang'ono, lowetsani guluu wa epoxy wouma pang'onopang'ono ndi kamtengo kotokosera m'mano, mangani ndi mphira wa chubu cha njinga, musiye usiku wonse. Wouma m'mphindi 5 uja salowa mpaka pansi. Sandipepa asafike pa timizere togoba kapena m'mphepete mokumana ndi chitsulo, apo ayi thabwa lidzachepa, feremu n'kutsala poyera. Pomaliza pakani mafuta a matabwa otchedwa boiled linseed oil, madontho atatu kapena anayi pa thabwa lililonse, kutikita ndi chikhatho, kupukuta otsala pakatha mphindi 20. Pakani kamodzi patsiku kwa masiku 4 kapena 5. Mukathira ambiri matabwa amanata kwa milungu. Nsalu za mafutawa muziyanike poyera kapena kuziviika m'madzi, chifukwa zikaunjikana zimatha kuyaka zokha. Pobwezera, musamange sikuluwu mopitirira, ndi imene imang'amba matabwa ambiri.

Za chifunga. Ku Mulunguzi ndi madera onse a m'mphepete mwa phiri chinyezi chimavuta kawiri pachaka: dzinja kuyambira Novembala mpaka Epulo, ndi chiperoni cha Juni ndi Julayi. Mfuti isagone m'chikwama chachikopa, chifukwa chikopa chimamwa chinyezi ndipo mankhwala ofufutira amadya chitsulo. Siponji ya m'mabokosi apulasitiki, nyuzipepala ndi sokosi wamba nazonso zimasunga madzi. Igone m'bokosi lachitsulo lokiya, lomangiriridwa kukhoma la m'kati mwa nyumba, osati loyang'ana kunja, ndipo bokosilo lisakhale pa simenti. Zipolopolo zikiyidwe pazokha, makiyi akhale ndi inu nokha. M'bokosimo ikani silica gel, timibulu tomwa chinyezi, wokwana magalamu 200 kapena kuposerapo. Timapaketi ta m'bokosi la nsapato n'tochepa kwambiri. Wosintha mtundu ndi wabwino chifukwa amakuuzani akakhuta, ndipo amauma mu uvuni pa madigiri 110 mpaka 120 kwa maola awiri kapena atatu.

Mukagwira mfuti, ipukuteni ndi kansalu kamafuta musanaibwezere, chifukwa thukuta la m'manja lili ndi mchere. Mafuta ophikira sayenera, amanata n'kuvunda. WD-40 amathandiza kuthamangitsa madzi mfuti ikanyowa, koma pambuyo pake pakani mafuta enieni. Kunja kwa mfuti phula lopaka pansi m'nyumba lopanda mtundu limakhalitsa kuposa mafuta: pakani mopyapyala pa chitsulo chotsukidwa, liume, pukutani, osaiwala pansi pa matabwa. M'kati mwa mpope ndi m'mabowo a silinda pititsani kansalu kamafuta ochepa, ndipo mudzawapukute musanawombere. M'dzinja ndi m'chiperoni tsegulani bokosilo milungu iwiri iliyonse, nyengo yotentha kamodzi pamwezi, ndipo nthawi iliyonse yang'anani pansi pa nyenyezi yotulutsira makoko kumbuyo kwa silinda, chifukwa dzimbiri limakonda kuyambira pamenepo.